Kadi ya Yotamu

Za ubwana wanga sinizalemba, inu ana anga, kaili munazimva kale kokwana sauzande, ndipo nthawi iliyonse njoka ija ya ku dimba imatalikirako mita imodzi. Nizayambira pa nchito. Ninakhala zaka makumi atatu na zisanu na ziwiri pa mawindo a makiliniki atatu muno mu Chongwe, kulemba maina a odwala, kusakira mafaelo, kulandira ndalama na makadi. Pa reji dzina langa ni Dailesi, koma kuyambira ku sukulu mpaka tsiku la penshoni anthu anali kuniitana Wailesi. Nikuchenjezeretuni: nikati anthu handiredi, chotsani ziro imodzi. Nkhani ya amalume anu a Yotamu yokha ndiye nailemba mulingo wake weniweni. Ninapempha chilolezo kwa iwo na kwa akazi awo, ndipo Yotamu anati, "Lembani asisi, koma musaikeko mchere."

Chalimbana, zaka zoyamba

Ninali na zaka khumi na zisanu na zitatu, nitangotsiriza giredi 12 na marizauti amene atate anawayang'ana, kuvula magalasi, kupukuta, kuyang'ananso, kenaka kupita kumunda osakamba kanthu. Kakiliniki ka mpingo kufupi na koleji ya aphunzitsi kanali kufuna mtsikana wa pa windo. Wamkulu pamenepo anali ba Sista Mutale, mzimai amene akayang'ana temomita, malungo anali kutsika okha.

"Udziwa kulemba zooneka?" anafunsa.

"Ba Sista, kope langa aphunzitsi anali kulipachika pa khoma kuti ana ena alire."

"Udziwa kukhala chete?"

"Nikagona."

Ananilemba nchito chifukwa winayo amene anabwera anali kulemba monga nkhuku yapalasa. Masiku aja chilichonse chinali kusowa. Makadi a odwala akatha tinali kudula makatoni a sopo, mwakuti munthu anali kuyenda na mbiri ya matenda ake kutsogolo, kumbuyo chithunzi cha mzimai wochapa. Bolopeni inali imodzi, yomangirira chingwe monga mbuzi. Mwezi wachiwiri kunabwera bambo wina wolumidwa na galu pa mwendo. Ine madzulo ninakamba nkhaniyo pa msika, galu anakula pang'ono, ndipo pofika m'mawa akazi ake anabwera akulira kuti amva amuna awo adyedwa na fisi. Ba Sista ananiitanira mu sitolo ya mankhwala, kutseka chitseko.

"Dailesi, pakamwa pako sinizapasoka, nilibe ulusi wokwana. Kamba za mvula, za mpira, za ine olo. Koma za pa windo ni za windo. Ukazazitulutsanso, utuluke nazo pamodzi."

Kuyambira tsiku lija ninapitiriza kukamba monga kale, koma wodwala sininamutengenso kupita naye ku msika. Anthu sanazindikire kusiyana kwake. Kwa iwo Wailesi anali Wailesi.

Palabana, zaka za pakati

Nitakwatiwa na atate anu ananisamutsira ku kiliniki ya ku Palabana. Ninali kupalasa njinga m'mawa kupikisana na anyamata onyamula zigubu za mkaka, ndipo palibe ananipitirirapo, kupatula onse. Kumeneko ndiye ninayamba kuona mtundu wina wa odwala. Munthu abwera ati mutu, timupatsa panado. Sabata yamawa ati mtima uthamanga. Inayo ati sagona. Magazi ali bwino, malungo alibe, koma faelo yake yanenepa kupambana ya mayi wa mapasa. Ba kilinikala, amene ni aja opima odwala pamene palibe dokota, anali kungolemba kuti aganiza ngako, kupitirira muyeso, apumule. Kupumula kuti, ng'ombe zidikira? Kunali kachipinda ka uphungu kumapeto kwa khonde, koma kanali ka opimitsa magazi, ndipo aliyense wolowamo mudzi unali kumupimira kale. Choncho anthu aja anali kubwerera kwawo na panado. Ine ninali kuwaseka mumtima kuti ni aulesi. Nalemba izi kuti mudziwe kuti amai anu sanabadwe na nzeru.

Pa boma

Zaka khumi na ziwiri zotsiriza ninagwira pa kiliniki ya munthu payekha pa boma, ya matailosi na kompyuta. Kompyuta ninaiphunzira masabata atatu, olo kuti kwa inu ninati ola limodzi. Apa ndiye ninadziwira makadi a inshuwalansi, amene anchito a m'mafamu akuluakulu na m'makampani a mu Lusaka anali kubwera nawo, iwo na akazi awo na ana. Apanso ndiye ninadziwira ba Muleya, dokota wa maganizo. Anali mzimai wochepa thupi, wa nsapato zafulati, wobwera Lachitatu lililonse na minibasi yoyamba kuchoka ku Lusaka atanyamula fulasiki ya tiyi na bokosi la matishu. Zida zawo zonse zinali zomwezo.

Nifotokoze mmene zinali kuyendera, kaili tsiku lina zingakuthandizeni. Munthu sanali kungolowa kwa ba Muleya. Poyamba aonane na ba kilinikala, amupime bipi na magazi, tidziwe kuti mutu uwawawo si malungo olo shuga. Akapeza thupi lili bwino koma munthu sagona, sadya, olo aopa popanda chomuopsa, amulembera kakalata. Kakalata kaja kabwera pa windo yanga, ine nifunsa, "Mulipira kashi olo muli na kadi?" Ulendo umodzi unali ola limodzi, ndipo mtengo wake unali kulingana na matumba awiri a unga wa nsima, uja wa bulekifasi. Komanso si ulendo umodzi chabe. Ba Muleya anali kukambiratu tsiku loyamba kuti tiyambe na maulendo asanu na umodzi, tione pamene tifike, kuti munthu awerengere thumba lake na thiransipoti yomwe. Makadi nawo sanali ofanana. Ena anali kulipira maulendo asanu na umodzi pachaka, akatha apo ni thumba lako. Ena anali kufuna titume fomu ku ofesi yawo avomereze, ndipo podikira yankho ungabyale chimanga, kupalira na kukolola. Ena anali kukaniratu, ati za maganizo sitilipira, monga kuti mutu unabwerekedwa kwa aneba. Wopanda kadi komanso wopanda ndalama, ba Muleya anali kumuchotserako mtengo, olo kumulembera kalata ya ku chipatala cha boma, kumene kulipira ni kochepa koma mzere na ulendo ni zako.

Chovuta kwambiri sichinali mtengo, chinali kufotokozera munthu chimene agula. Mdala wina anatuluka m'chipinda atakhala ola lathunthu, kubwera pa windo, kumenya ndodo pansi.

"Mwana wanga, nalipira matumba awiri kuti nikambe ine? Iye angomvera chabe. Nyeleti yonibaya ili kuti?"

"Ba tate, kuno nyeleti kulibe."

"Olo kapilisi?"

"Olo kamodzi."

Anachoka akung'ung'udza kuti Lusaka yatha anthu. Lachitatu linalo anali woyamba pa benchi, atavala jekete.

Okutobala

Yotamu ni womaliza kubadwa m'mimba mwa amai. Ninamubereka pamsana ine mpaka msana unapindika, ndiye chifukwa chake nili wamfupi. Nthawi imeneyo anali kuyendetsa thiraki ya mkaka pa famu ina ku Palabana, ndipo famuyo inali na kadi yabwino. Akazi ake, amake Dalitso, ni munthu wofatsa, wogulitsa tomato, amene mawu ake a sabata yonse ine nimawatha tisanamwe tiyi. Mimba yawo yachiwiri inafika miyezi yonse bwinobwino, koma mwana anabadwa osapuma.

Mwambo wathu wa kum'mawa tinabwera nawo kuno pamodzi na makasu. Mwana wotere saliridwa. Palibe maliro, palibe nyimbo, amuna sapitako ndipo safunsa. Azimai akuluakulu amatenga kamwana, kukaika mwakachetechete, kubwerera. Amake amauzidwa kuti akalira azatseka mimba, sazaberekanso. Tinapita azimai anai, ine mmodzi wa iwo. Pobwerera ninapeza mulamu wanga atakhala pa mphasa, maso atadzaza misozi. Ninamugwira dzanja.

"Mulamu, limbani. Musalire, muzatseka njira ya ena."

Ninakamba monga mmene munthu amakambira kuti mwauka bwanji. Anameza, kugwedeza mutu, ndipo ife tonse tinati ni mkazi wolimba.

Juni, Lachitatu loyamba

Kunali mphepo. Ninaona mzimai ataima pa chitseko cha kiliniki, chitenje kumutu, alowa pang'ono, abwerera. Nitayang'anitsitsa ninapeza ni amake Dalitso. Anali ataonana na ba kilinikala pa Chiweru, tsiku limene ine sininali kugwira, koma kakalata kanati Lachitatu, ndipo windo inali imodzi.

"Mulamu, bwerani. Simungailambalale."

Anaika kakalata. Ninawerenga dzina la ba Muleya, kuwerenganso kachiwiri.

"Mulamu, nikupemphani," anatero motsitsa mawu. "Mlongo wanu asamve."

"Ine? Pakamwa panga ni pamanda."

"Pakamwa panu nipadziwa."

Mawu aja ananiwawa, ndipo mwina ndiye ananipusitsa. Anamasula mfundo ya chitenje, kutulutsa ndalama za tomato, zopindapinda, zokwana ulendo umodzi ndendende. Anati za Lachitatu linalo azaona. Ine ninafuna kumuonetsa kuti pa windo ija pali munthu wanzeru.

"Bwezani ndalama zanu, mukaodere tomato. Muli pa kadi ya Yotamu. Maulendo asanu na umodzi, osalipira olo ngwee."

"Kadi amayenda nayo ni iwo."

"Nambala ili mu kompyuta. Ili na m'mutu mwanga momwe."

Zala zinathamanga, makina anavomera, mulamu analowa kwa ba Muleya. Chimene ninaiwala ni ichi: kuyambira kuchiyambi kwa chaka chija, a inshuwalansi aja anali kutuma meseji ku foni ya mwini kadi nthawi iliyonse kadi ikagwira nchito. Sikuti sininali kudziwa. Pepala lokamba zimenezo ninalimata ine wamene pa khoma kumbuyo kwa mpando wanga. Sipanapite mphindi khumi, foni yanga inalira.

"Asisi, muli pa nchito?" Injini inali kumveka kumbuyo. "Foni yanga yakamba kuti amake Dalitso ali pa kiliniki yanu, aonana na dokota wapadera. Kunyumba anati apita kukaoda tomato. Adwala chani?"

Mabodza anandanda m'mutu mwanga monga maminibasi pa siteshoni, lililonse na kondakita wake: dzino, maso, bipi.

"Yotamu, za odwala sinikamba."

Anaseka. "Inu? Wailesi yatha mabatire?"

"Funsa akazi ako."

Kuseka kunatha. "Ni nyeleti yoletsa mimba, si choncho? Miyezi yonse iyi palibe kanthu, ine niganiza ni Mulungu. Manje namvetsa." Anadula.

Ola litakwana mulamu anatuluka, maso ofiira koma mapewa atatsika, monga munthu watula mtolo wa nkhuni. Ninamupempha tibwerere m'chipinda, ndipo ninaulula zonse pamaso pa ba Muleya. Iwo sanakalipe. Anatseka fulasiki yawo bwinobwino.

"Ba Dailesi, munafuna kuthandiza koma simunafunse. Manje pali zinthu ziwiri zimene simuzachita. Simuzaulula, ndipo simuzanama. Mukati ni dzino, mai uyu azafunika kukhala na dzino lowawa miyezi iwiri, na meseji ikubwera sabata iliyonse. Nkhani ni yawo. Azakamba okha, olo sazakamba."

Kenaka anafotokozera mulamu njira zimene zinalipo: kulipira kashi pa mtengo wochotserako, kupita ku chipatala cha boma, olo kubwera na amuna ake kuti amve okha chimene chimachitika m'chipinda muja. Mulamu anamvetsera, kumanga chitenje. Pa chitseko anatembenukira kwa ine.

"Ninati pakamwa panu nipadziwa. Sininadziwe kuti na zala zomwe."

Lachitatu linalo sanabwere. Ola lake ba Muleya anakhala okha na tiyi wawo, chitseko chotsegula.

Juni, pa Sondo

Yotamu anatengera nkhani kwa ankhoswe. Tinakumana titachoka ku chalichi, pa khonde la a Fakisoni, mlongo wa amai, amene anali nkhoswe wa kuchimuna. Kuchikazi kunabwera anti awo a amake Dalitso. Mulamu anakhala pa mphasa, Yotamu pa mpando, foni m'manja monga kapolisi wagwira umboni. Anawerenga meseji ija mokweza, Chizungu chake chonse.

"Nafunsa sabata na theka, sayankha," anatero. "Mkazi wonama ulendo, m'nyumba mwanga ayi. Ngati ni nyeleti, akambe, apite kwawo akapumule bwino."

A Fakisoni anafunsa mulamu kawiri. Anangoyang'ana mphasa. Ndiye anatembenukira kwa ine, akumwetulira, kaili anaona kuti mlandu watha.

"Iwe Dailesi, tsiku unabadwa anamwino anakumenya kuti ulire, iwe unayamba kufotokoza. Unalipo pa windo. Tiuze."

"Amalume, za pa windo ni za windo."

"Windo ni mbale wako? Iyi ni nyumba ya mlongo wako ikugwa."

Pa zaka zonse za nchito yanga, apa ndiye panali povuta. Mawu awiri chabe, si nyeleti, akanatha kuimitsa Yotamu. Koma ninadziwa funso lotsatira: nanga ni chani? Ndipo nikati dokota wa maganizo, pa khonde lija akanamva dokota wa amisala. Dzina limenelo likakumata silichoka. Likanamutsata mulamu ku msika, ku chalichi, mpaka Dalitso pofuna kukwatira. Nikanama za dzino, aliyense akanakhulupirira theka, monga mwa masiku onse, ndipo mulamu akanatsala na bodza langa pamwamba pa katundu wake. Nikakhala chete, mwina ukwati utha, ndipo wautha ndine na zala zanga. Ninayang'ana nkhuku ina imene inali kutola nyerere, ndipo sininatsegule pakamwa.

"Munanibereka pamsana," anatero Yotamu, "lero munigulitsa chifukwa cha nchito."

Kenaka mulamu anakamba, maso ali pa mphasa.

"Ninapita kukalira."

"Kulira chani?" anafunsa a Fakisoni.

"Mwana wanga." Anakweza mutu. "Pano munanikaniza. Ku chalichi anati Mulungu anapatsa, Mulungu watenga. Ku msika kuli anthu. M'nyumba muli Dalitso. Sinigona. Mwana wa aneba akalira nimaika chitenje m'kamwa. Kuja kuli mpando na chitseko, ndipo mai uja sanati limbani."

"Mwana iwe," anatero anti awo, "tinakulangiza. Za m'nyumba sapita nazo kwa alendo."

"Nanga nipite nazo kwa ndani, anti? Inu munali pomwepo tsiku lija. Na amulamu anali pomwepo."

Anayang'ana ine. Sanakweze mawu. A Fakisoni anatsokomola, kukamba kuti mwambo sitinaupange ife, tinaupeza. Yotamu anaika foni m'thumba, kuimirira, kutuluka pa geti osatsazika. Mlandu unatha wopanda chigamulo, ndipo mulamu anabwerera kunyumba kwake kaili palibe anamuuza kuti asabwerere.

Julayi

Yotamu analeka kuyankha foni yanga. Ku nchito ninapempha ba Muleya na mwini kiliniki kuti tisinthe kachitidwe, ndipo kuyambira apo, nisanagwire kompyuta, ninali kufunsa aliyense: kadi ni ya ndani, meseji izapita ku foni ya ndani, muvomera? Munganiseke, koma azimai ambiri na ana a sukulu anali kubweza kadi m'chikwama akamva funso limenelo, kufunsa za kashi. Zaka zonse zija tinali kuwaulula osadziwa.

Pa Chiweru china ninakwera minibasi kupita ku Palabana. Ninapeza mulamu akusankha tomato pa saka. Ninakhala pansi.

"Mulamu, ija ya kadi ninapepesa kale. Nabwera kupepesa ija ya Okutobala."

Anakankhira beseni kwa ine.

"Zowola muike uku," anatero.

Tinasankha mabokosi awiri. Ine sininakambe nkhani olo imodzi, ndipo Dalitso anafunsa amake ngati anti adwala.

Lachitatu lachitatu kuchokera pa Sondo ija, thiraki ya mkaka inaima panja pa kiliniki. Ningakambe kuti inatseka msewu wonse wopita ku Chipata, koma ninalonjeza. Inaima bwinobwino pambali. Yotamu analowa na ovolosi na magambutsu oyera, akazi ake kumbuyo. Sanapereke moni. Anaika kadi pa windo.

"Kwatsala maulendo angati?"

"Asanu."

"A amake Dalitso."

"A amake Dalitso."

Anakanda chibwano. Anayang'ana pepala la pa khoma lija monga aliwerenga.

"Nanga mwini kadi?"

"Mwini ali na ake, asanu na umodzi. Koma uyambire kwa ba kilinikala, monga aliyense."

"Ku famu azadziwa?"

"Ninafunsa kale ku ofesi ya makadi. Abwana ako sauzidwa chimene wabwerera." Ninakonza mpando, kuika zala pa kompyuta. "Meseji izapita ku foni ya mwini kadi. Muvomera?"

"Asisi, mwini kadi ndine."

"Lamulo ni lamulo."

"Nivomera."

Foni inalira m'thumba la ovolosi tonse tikumva. Mulamu analowa kwa ba Muleya, chitseko chinatsekedwa. Yotamu anakhala pa benchi, kumapeto kwake kufupi na windo, akuzungulutsa kapusi m'manja. Ninalemba anthu ena awiri. Pamene panatsala ife chabe, anakamba osayang'ana kwa ine.

"Asisi. Munamuika kuti?"

Miyezi isanu na inai inali itapita. Palibe anamuuza, ndipo iye sanafunse, kaili mwamuna safunsa. Ine wamene, amene ninali kumuuza zonse za m'dziko na zina zosachitika, sininaganizepo kuti angafune kudziwa.

"Kumphepete kwa manda, kumbali ya munda wa a Fakisoni. Pali mtengo wa msuku. Ninaikapo mwala."

"Anali wamkazi, icho ninamva."

"Wamkazi."

"Anafanana na ndani?"

Nikanatha kukamba kuti anali wokongola kupambana ana onse a mu Chongwe, na Lusaka yomwe. Mawuwo anafika mpaka pa lilime.

"Na iwe. Makutu."

Anakweza dzanja, kugwira khutu lake, kulisiya pomwepo. Ba kilinikala anaitana dzina lake kawiri asanamve.

Chimene Yotamu anakamba na ba Muleya sinichidziwa, ndipo sininafunsepo. Anapita maulendo anai, kenaka anati mkaka sudikira. Pa Sondo ina masana tinapita atatu ku mtengo wa msuku uja. Tinadutsa pa geti ya a Fakisoni, iwo ali pa khonde. Anationa, anaona na kumene tinali kulowera, ndipo anayamba kukonza wailesi yawo imene siinali yowonongeka.

Penshoni

Ninagwiranso zaka zisanu na chimodzi nisanapume. Mtsikana amene anatenga mpando wanga ninamuphunzitsa kompyuta, mafomu na makadi okana za maganizo, ndipo funso la meseji lija ninamuuza alinene pamtima katatu monga vesi. Inu ana anga, tsiku lina mutu ukazalema, pitani. Mufunse mtengo wa ulendo umodzi na maulendo angati, mufunse ngati kadi yanu ilipira, ndipo mufunse foni imene izalira. Osadikira faelo inenepe na panado.

Amake Dalitso anatsiriza maulendo onse a pa kadi, kuwonjezapo awiri a ndalama za tomato. Analira mokwana, matishu a ba Muleya anachita kugulidwa ena, ndipo apa sininaikeko mchere. Njira siinatsekeke. Patapita zaka ziwiri kunabadwa Tiyamike, msuweni wanu uja mumamuseka makutu. Muzimuseka, ni wanu. Koma muzidziwa kuti ni wachiwiri kuwatenga.